Mendulo pachifuwa, chokolopera m'manja

Kwa miyezi isanu ndi itatu sindinawauze amayi ntchito imene ndimagwira kuno ku Ottawa, likulu la dziko la Canada. Akaimba pa WhatsApp n'kufunsa kuti, "Nanga ntchito ikuyenda, mwanangu?" ndinkangoti, "Ikuyenda amayi, ndili mu ofesi." Silinali bodza lenileni. Mu ofesimo ndinkalowadi, kungoti ndinkalowa 6 koloko madzulo eni ake ataweruka, ndowa kudzanja ili, chokolopera kudzanja linalo. Masana kusukulu, usiku kukolopa. Ine munthu wa digiri, amene abale anachita kundiperekeza pabwalo la ndege ndi nthungululu.

Usiku wina foni inalira tili pakati pa ntchito. Inali ya vidiyo. Ndinakankhira ndowa kuseri kwa chitseko mwaphuma, madzi n'kutayikira pansi ponse. Mayi amene amayang'anira gulu lathu anaona zonse. Ndi munthu wachikulire, wobadwira ku Manitoba, ndipo agogo awo anachokera ku Ukraine. Nditadula foni anaseka mpaka misozi.

"Mwanangu, ukubisa chiyani?" anandifunsa. Ndinangozyolika. "Loweruka upite ku Canadian War Museum, ukafunse za munthu wotchedwa Filip Konowal. Ukabwerako udzandiuze ngati chokolopera chimachepsa munthu."

Ndinapita, makamaka poopa kuti Lolemba adzandifunsa. Ndinakapeza kamendulo ka mkuwa, kosawala n'komwe, kolendewera pa kansalu kofiirira. Dzina lake ndi Victoria Cross, ulemu woposa wina uliwonse umene msilikali wa ufumu wa Britain amalandira chifukwa cha kulimba mtima pankhondo. Mwini wake anatsiriza moyo wake akusesa ndi kukolopa kunyumba ya malamulo, ulendo wa pansi kuchokera pamene ndinaimapo. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za iye ndi anthu a mtundu wake. Nkhani yawo ikukhudza aliyense wa ife amene ali kunja, ngakhalenso inu amene mukugona n'kumalota viza.

Anabwera kudzalima

Mu 1891 alimi awiri, Ivan Pylypow ndi Wasyl Eleniak, anafika ku Canada kudzaona ngati zinali zoona kuti kuno malo akuchita kusowa wolima. Zinali zoona. Boma linkapereka maekala 160 kwa munthu wolipira madola 10, bola amangepo nyumba ndi kuswa mphanje. Uthenga utafika kumudzi, anthu anagulitsa timinda tawo n'kukwera sitima zapamadzi. Pofika 1914, anthu pafupifupi 170,000 a mtundu wa ku Ukraine anali atafika, ambiri n'kukhazikika ku Manitoba, Saskatchewan ndi Alberta, kumene chisanu chake si chamasewera.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kuchigwira kuti nkhani yonseyi imveke. Nthawi imeneyo Ukraine silinali dziko loima palokha. Anthu ake anagawidwa pakati pa maufumu awiri: chigawo chachikulu chinali pansi pa mfumu ya Russia, pamene madera a Galicia ndi Bukovina anali pansi pa Austria-Hungary. Chilankhulo chimodzi, zakudya zimodzi, koma mapepala osiyana. Ife Achewa timazidziwa zimenezi, poti malire anatidula patatu. Ambiri mwa amene anabwera ku Canada anachokera ku Galicia ndi Bukovina, choncho pamapepala anali anthu a Austria.

Kwa zaka 20 nkhani ya mapepalayo inalibe ntchito. Kenaka kunadza Ogasiti 1914.

Kugona mlimi, kudzuka mdani

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itayamba, Britain ndi Canada anali mbali imodzi ndi Russia, kulimbana ndi Germany ndi Austria-Hungary. Boma la Canada linakhazikitsa lamulo lotchedwa War Measures Act, ndipo aliyense wa mapepala a Austria amene anali asanakhale nzika anasanduka "mlendo wa kwa adani". Anthu pafupifupi 80,000 anakakamizidwa kuyenda ndi ziphaso ndi kumakaonekera kupolisi nthawi ndi nthawi. Ena 8,579 anatsekeredwa m'misasa 24, ndipo pafupifupi 5,000 mwa iwo anali a ku Ukraine. Ambiri anali anyamata osauka amene ntchito inawathera, osati akazitape ayi.

M'misasamo ankawagwiritsa ntchito ya kalavulagaga. Ku Castle Mountain ankalambula misewu m'nkhalango ya Banff, malo amene lero anthu amakajambulitsa zithunzi za pa Instagram. Ku Kapuskasing ankagwetsa mitengo. Malipiro anali masenti 25 patsiku, pamene msilikali wamba ankalandira dola imodzi ndi masenti 10. Ku Spirit Lake, m'chigawo cha Quebec, kunali ngakhale amayi ndi ana. Anthu oposa 100 anafera m'misasa imeneyi. Mu 1917 boma linalandanso ufulu wovota kwa ochokera kumaiko a adani amene analandira unzika chitadutsa chaka cha 1902. Msasa womaliza unatsekedwa mu 1920, nkhondo itatha kalekale.

Tsono chodabwitsa n'chakuti pa nthawi yomweyo anyamata ambiri a mtundu womwewu ankalowa usilikali wa Canada. Amene anali ndi mapepala a Russia ankaloledwa. A mapepala a Austria ankanama kuti ndi a ku Russia kapena a ku Poland, ena n'kusintha maina kuti amveke Chingerezi. Amene agwidwa bodzalo ankavulidwa yunifolomu, ena n'kukaponyedwa kumsasa komweko.

Ndinawafunsa mayi aja kuti munthu angadzipereke bwanji kufera dziko limene latsekera mbale wake. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Njala, mwanangu. Komanso ankafuna kuti ana awo asadzafunsidwenso kuti kwanu n'kuti." Yankho limenelo linandikhala pamtima sabata yonse.

Masiku awiri ku Hill 70

Filip Konowal anabadwira m'mudzi wa Kutkivtsi, pafupi ndi malire a maufumu awiri aja, koma mbali ya Russia. Akanabadwira tsidya linalo, mwina nkhani yake ikanakhala ya msasa. Anatumikira zaka zisanu m'gulu la nkhondo la Russia, kumene ankaphunzitsa anzake kumenyana pafupi, kwa manja ndi mpeni wa kunsonga kwa mfuti. Mu 1913 anafika ku Canada kudzadula mitengo, atasiya kumudzi mkazi wake Anna ndi mwana wawo wamkazi Maria. Cholinga chinali chomwe tonsefe timakhala nacho: kugwira ntchito, kusunga kangachepe, kenaka kudzaonananso ndi banja.

Mu Julayi 1915 analembetsa usilikali kuno ku Ottawa, ndipo atafika ku Ulaya anaikidwa mu 47th Battalion. Mu Ogasiti 1917 asilikali a Canada, motsogozedwa ndi Arthur Currie, analamulidwa kulanda chitunda chotchedwa Hill 70, pafupi ndi mzinda wa migodi ya malasha wa Lens ku France. M'masiku khumi okha asilikali a Canada pafupifupi 9,000 anaphedwa kapena kuvulala.

Konowal anali kopolo, ndipo kagulu kake kanapatsidwa ntchito yoopsa kwambiri: kulowa m'zipinda za pansi pa nyumba zogumuka ndi m'maenje a mabomba, kusaka adani amene anatsalira kumbuyo. Chikalata cha boma chofotokoza za mendulo yake chimanena kuti m'chipinda china anabaya adani atatu, m'dzenje lina analimbana yekha ndi asanu ndi awiri, ndipo kawiri konse anathamangira yekha malo a mfuti ya chiwaya imene inkatchinga anzake. Ulendo woyamba anabwera nayo mfutiyo atainyamula. Pa masiku awiri anapha adani osachepera 16, mpaka iye mwini anavulazidwa koopsa kumutu.

Sindikufuna kukometsera zimenezi ngati filimu. Anthu 16 amenewo analinso ana a eni. Koma anzake a Konowal ambiri anabwerera kwawo amoyo chifukwa cha iye. Chaka chomwecho cha 1917 Mfumu George V inamuveka Victoria Cross. Mpaka lero ndi yekhayo wa mtundu wa ku Ukraine ku Canada amene anailandira. Tsiku limene ankalandira ulemuwo, anthu a mtundu wake anali akugwetsabe mitengo ku Kapuskasing, msilikali wa mfuti ataima pambali.

Nkhondo imatsatira munthu kunyumba

Pa 19 Julayi 1919 Konowal anatsogolera perete wa mtendere m'misewu ya Ottawa, anthu akuomba m'manja. Tsiku lotsatira, ku Hull, tsidya la mtsinje, analowerera ndewu pofuna kupulumutsa mnzake, ndipo anabaya munthu mpaka kufa. Khoti linagamula kuti mutu wake sunkayenda bwino chifukwa cha bala la kunkhondo lija. Anakhala zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri m'chipatala cha odwala misala ku Montreal, n'kutuluka mu 1928.

Atangotuluka, chuma cha dziko lonse chinagwa, ntchito n'kusowa. Kumudzi nako zinthu zinali zitasintha. Ukraine anali pansi pa Soviet Union, ndipo mu 1932 ndi 1933 kunagwa njala yoopsa yotchedwa Holodomor, imene inadza chifukwa cha ndondomeko za Stalin zolanda alimi chakudya. Anthu mamiliyoni anafa. Mkazi wake Anna anali mmodzi mwa iwo. Mwana wake Maria sanamuonenso mpaka imfa. Apa ndinasiya kaye kuwerenga. Ndinaganiza za anzanga a ku Joni amene anatsanzika kuti akubwera pa Khirisimasi, ndipo padutsa ma Khirisimasi khumi.

Amene anamuthandiza anali Milton Gregg, msilikali mnzake wa Victoria Cross, yemwe panthawiyo ankayang'anira chitetezo cha nyumba ya malamulo. Anamupezera ntchito yosesa. Nduna yaikulu, Mackenzie King, itamuzindikira, inalamula kuti akhale wosamalira ofesi yake, chipinda nambala 16, ndipo anagwira ntchito imeneyo mpaka imfa yake. Pa Chingerezi cha asilikali, ntchito yosaka adani otsalira ija imatchulidwa ndi liwu lomwelo la kukolopa. Konowal ankachita nazo nthabwala, kunena kuti kutsidya kwa nyanja anakolopa ndi mfuti, kuno akukolopa ndi chokolopera.

Mu 1956 onse a Victoria Cross anaitanidwa ku London kukakumbukira zaka 100 za menduloyi. Konowal analibe ndalama zokwanira ulendowo, ndipo anachita kumusonkhera asilikali akale a mtundu wake. Anamwalira pa 3 Juni 1959. Ngakhale mendulo yake inaona zakuda: inasowa kunyumba yosungira zakale ija kwa zaka zambiri, n'kudzatulukira mu 2004 wina akufuna kuigulitsa pa okushoni. Apolisi anailanda n'kuibwezera.

Ana awo anapitanso

Mungaganize kuti zitachitika zonsezi, anthuwa akanati nkhondo za eni tisalowerenso. Koma nkhondo yachiwiri itabuka mu 1939, ana a alimi aja, obadwira ku Canada konkuno, analowa usilikali mwaunyinji. Oposa 35,000 anavala yunifolomu, amuna ndi akazi. Ena anali mu Winnipeg Grenadiers, gulu limene linagonjetsedwa ndi Japan ku Hong Kong mu Disembala 1941, otsala amoyo n'kukhala akaidi kufikira 1945.

Mmodzi amene nkhani yake imandigwira ndi Peter Dmytruk, mnyamata wa ku Wynyard ku Saskatchewan. Anali woombera mfuti kumchira kwa ndege yoponya mabomba. Ndege yawo inagwetsedwa ku France mu Malichi 1943, iye n'kupulumuka. Anthu a ku France amene ankalimbana ndi Germany mobisa anamusunga, ndipo anali okonzeka kumuzembetsa kuti abwerere ku Britain. Anakana. Ataona nkhanza zimene anthuwo ankakumana nazo, anasankha kukhala n'kumenya nawo limodzi. Anamupatsa dzina lakuti Pierre le Canadien. Anaphedwa pa 9 Disembala 1943 ku Les Martres-de-Veyre ali ndi zaka 23, ndipo France inamulemekeza ndi mendulo ya Croix de Guerre. Taganizani: makolo a ku Ukraine, kubadwira ku Canada, manda ku France. Kwawo kwa munthu wotereyu tinene kuti n'kuti?

Koma chimene chinasintha zinthu kwenikweni chinachitika kutali ndi kulira kwa mfuti. Mu Januwale 1943, asilikali ochepa a mtundu wa ku Ukraine anakumana ku Manchester kudzadyera limodzi Khirisimasi ya kwawo, imene inkachitika pa 7 Januwale. Pamenepo anayambitsa bungwe la Ukrainian Canadian Servicemen's Association, lotsogozedwa ndi Bohdan Panchuk, mphunzitsi wa ku Saskatchewan amene anali m'gulu la nkhondo la mumlengalenga. Anapeza nyumba ku London, pa 218 Sussex Gardens, kumene msilikali ali patchuthi ankapeza bedi, chakudya cha kwawo ndi munthu womulankhula chinenero cha amake. Mabungwe a amayi ku Canada ankatumizako maphukusi.

Nkhondo ikutha, asilikali omwewa anapeza ku Germany ndi Austria anthu zikwizikwi a ku Ukraine, ambiri otengedwa ukapolo kukagwira ntchito m'mafakitale ndi m'minda ya Germany. Pangano la ku Yalta la 1945 linalola kuti nzika za Soviet Union zibwezedwe kwawo, zifune zisafune, ndipo ambiri ankaopa kuti akafika kukawadikira ndende kapena imfa. Panchuk ndi anzake anakhazikitsa ofesi yothandiza othawa nkhondowa, yotchedwa Central Ukrainian Relief Bureau. Ankawamasulira, kuwalembera makalata ndi kuwadandaulira kwa akuluakulu. Yunifolomu ija tsopano inagwira ntchito: munthu amene wamenyera mfumu nkhondo n'kovuta kumutsekera chitseko. Pamapeto pake othawa nkhondo oposa 30,000 a ku Ukraine analoledwa kulowa m'Canada.

Pali mbali ina yowawa imene siyenera kubisidwa. Pakati pa amene anabwera nkhondo itatha panalinso ena amene anamenya kumbali ya Germany. Mu Seputembala 2023 nyumba ya malamulo ya Canada inaombera m'manja mkulu wina wa zaka 98, ndipo kenaka zinadziwika kuti anali m'gulu la Waffen-SS la chipani cha Nazi. Sipikala, Anthony Rota, anatula pansi udindo. Mayi aja nkhaniyi imawapweteka mpaka lero. Amati bambo awo anavala yunifolomu ya Canada kukathana ndi Hitler, ndiye safuna kuti mbiri ziwirizi zisakanizidwe.

Kupepesa kunachedwa

Za misasa ija boma linakhala chete zaka zambiri. Ana ndi adzukulu ndi amene anakumba mbiriyo, kulemba mabuku, kuika zikwangwani pamalo pamene panali misasa, ndi kuvutitsa aphungu mosatopa. Mu 2005 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lozindikira kuti anthuwa analakwiridwa, ndipo mu 2008 boma linaika madola 10 miliyoni m'thumba lophunzitsira anthu mbiriyi. Mary Manko Haskett, amene anatsekeredwa ku Spirit Lake ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mng'ono wake anafera komweko, anamwalira mu 2007, thumbalo lisanakhazikitsidwe.

Lero anthu oposa 1.2 miliyoni ku Canada ndi a mtundu wa ku Ukraine, ndipo palibe amawafunsa chiphaso. Koma mu Febuluwale 2022, Russia italowa m'dziko la Ukraine ndi nkhondo, funso lakale lija linabwera motembenuka. Pulezidenti Volodymyr Zelensky anaitana anthu akunja ofuna kuthandiza kumenya nkhondo, ndipo ena ochokera kuno anapitadi. Ena sanabwerere. Mayi aja akuti mdzukulu wawo, amene ku Ukraine sanapondeko, ankafuna kupita, ndipo pabanja panali mkangano wa mwezi wathunthu. Anamaliza n'kukhala, ndipo amathandiza mabanja othawa nkhondo kupeza nyumba ndi ntchito. "Magazi tinapereka kale kawiri," anatero mayiwo. "Uyu apereke manja."

Zimene ndinatolapo

Powerenga zonsezi ndinkakumbukira agogo anga aamuna, amene anapita ku Burma ndi gulu la King's African Rifles pa nkhondo yachiwiri. Iwo ndi ana a alimi a ku Saskatchewan ankamenyera mfumu imodzi. Mamendulo awo ankakhala m'kachitini ka tiyi, ndipo ife ana tinkawaseweretsa. Nditakwanitsa zaka zofunsa mafunso anzeru, iwo anali atatsikira kulichete. Ku Zomba ndadutsa kambirimbiri pa chipilala cha asilikali chija osaima n'komwe kuti ndiwerenge dzina limodzi.

Phunziro limene ndatola ndi lakuti mendulo siinamugulire Konowal malo m'dziko lino. Anthu anaomba m'manja tsiku limodzi basi. Amene anamunyamula ndi msilikali mnzake amene anamupezera ntchito, ndi anthu a kwawo amene anamusonkhera ya ulendo. Amene anachititsa boma kuvomera kulakwa ndi adzukulu amene anakana kuiwala. Paja mutu umodzi susenza denga. Inu amene mukukonzekera ulendo wakunja, kaya wa sukulu, kaya wa ntchito, kaya wa usilikali, funsani mafunso awiri musananyamuke: zikadzavuta adzandinyamula ndani, ndipo amene ndikuwasiya ndidzawaonanso liti? Ine tsopano sindijomba kumisonkhano ya Amalawi kuno, ngakhale ija yokangana za chopereka cha maliro.

Mu Novembala, mwezi umene anthu kuno amavala kaduwa kofiira pachifuwa pokumbukira asilikali, ndinakwera basi kupita kumanda a Notre Dame kumene Konowal anaikidwa. Kunkazizira koopsa. Ndinaima pang'ono, ndinavula kaduwa kanga n'kukasiya pamwala wake.

Usiku womwewo amayi anaimba ndili kuntchito. Ndinayankha ya vidiyo ndowa ili poyera, chokolopera chili m'manja. Ndinawafotokozera zonse, mtima ukugunda ngati ndaba nkhuku. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye zimenezi n'zobisa? Bola sukuba, mwanangu. Koma pakona apo wasiyapo, bwerera ukakolope bwino."